Chionetsero chatha bwino, landirani kuthokoza kwanga

Abale ndi alongo, chionetsero cha zojambula zanga kuno ku Chipata chinatsekedwa Loweruka lapitali, ndipo zithunzi zambiri zapeza eni ake. Sindingathe kufika pakhomo pa aliyense, ndiye ndati ndithokozere pano pa Facebook.

Amene mumandidziwa mukukumbukira kuti chaka chatha ndinagwa pa njinga n'kuthyoka mkono wamanja, womwe ndimadyera. Chikhakha chitachotsedwa, zala zinali gwa, burashi imangopulumuka. Penti ya mafuta imafuna dzanja lamphamvu: kusakaniza mitundu pathabwa, kukoka nsalu ya kanvasi pafelemu, kutsuka maburashi ndi turpentine. Zonsezo zinandikanika. Adokotala ndi anamwino amene munandisamalira, Mulungu akudalitseni. Mayi amene munkandichititsa mafizo, inu ndiye munandiuza kuti zala zisakhale chabe, ndipeze kantchito kopepuka kozigwiritsa tsiku ndi tsiku. Mawu amenewo ndi amene anandifikitsa ku pastel.

Ambiri pachionetsero mumafunsa ngati pastel ndi choko cha kusukulu. Amafanana maonekedwe, koma pastel ndi utoto weniweni wa ufa woumbidwa ngati kamtengo. Safuna madzi kapena mafuta. Umalemba papepala lokhakhala, n'kumafafaniza ndi chala mpaka mitundu italowana. Kufafaniza kumeneko ndi kumene kunafewetsa zala zanga. Vuto lake ndi lakuti samamatira zolimba papepala. Ngakhale patapita zaka, ukaukhudza umachoka, n'chifukwa chake chithunzi chilichonse cha pastel chimafuna galasi, ndipo galasilo lisagunde pepala. Apa ndithokoze alamu anga akalipentala, amene anakhoma mafelemu onse a mukwa pangongole, osafunsa n'komwe kuti ndidzalipira liti. Alamu, ngongole ija ndikubwera nayo sabata ino.

Amake ana, inu ndinenenji? Nthawi yonse imene mkono unali m'chikhakha, pakhomo panadalira nsawawa ndi tomato zimene munkagulitsa ku msika wa Kapata. Nditabwereranso ku penti ya mafuta, munalolanso kuti chipinda chochezera chisanduke moyanikira zithunzi. Penti ya mafuta siuma ngati ya pakhoma. Imalimba pang'onopang'ono mafuta ake akamakumana ndi mpweya, ndipo pamene wapaka mochindikala pamatenga milungu. M'mwezi wa Okutobala fumbi la ku Chipata likamauluka, chithunzi chosauma chimaligwira lonse, ndiye mazenera anali otseka ngakhale kunja kukutentha choncho, ana akuletsedwa kuthamanga m'nyumba yawo yomwe. Munapirira fungo la turpentine osadandaula. Zikomo mayi.

Mnzanga wa ku Lusaka, amene tinadziwana ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds, ndiye ankandigulira machubu a penti ndi mapepala a pastel n'kutumiza pa basi, ulendo wa makilomita opitirira 500 mu Great East Road. Malemu Tayali anatisiya mu 1987, koma nyumba ya dzina lawo ikulumikizabe ojambula a m'zigawo ndi a mu mzinda. Achimwene, popanda inu ndikanajambula ndi makala.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi. Kwa zaka zambiri anthu ondifunira zabwino akhala akundilangiza kuti ndizijambula njovu, nyalugwe ndi mvuu, popeza ndi zimene alendo opita ku South Luangwa amagula ku Mfuwe. Sindinyoza anzanga amene amachita zimenezo, ntchito yawo ndi yabwino ndipo ana amadya. Ine mtima wanga uli pa dziko lenilenilo. Ndinajambula phiri la Kanjala m'mamawa utsi wa m'makhitchini usanabalalike. Ndinajambula nkhalango ya miombo mu Seputembala, pamene masamba atsopano amatuluka ofiira mvula isanagwe n'dontho lomwe, mitundu imene penti ya mafuta imaikonda kwambiri. Pali munda wa thonje wa ku Katete utayera, madambo a mtsinje wa Lutembwe, ndi mitengo ya msangu imene imayoyola masamba nthawi ya dzinja anzake onse akubiriwira. Mtsinje wa Luangwa ulipo, inde, koma ndinaujambula m'chilimwe madzi ataphwera, mchenga uli mbee, popanda nyama ngakhale imodzi.

Ndinkaopa kuti anthu akwathu adzati, "Phiri timaliona tsiku lililonse, tiligulirenji?" Sizinatero. Aphunzitsi, anamwino, alimi ndi ochita malonda ndi amene mwagula zambiri, ena molipira pang'onopang'ono. Agogo ena anaima nthawi yaitali pa chithunzi cha njira yopita ku Mtenguleni, kumene kumachitikira Nc'wala mu Febuluwale, n'kuyamba kuuza adzukulu awo mayina a midzi ya m'mbali mwa njirayo, ina imene ine sindinkaidziwa. Agogo, simunagule kanthu, koma munandilipira kuposa onse. Ndipo tisamayese kuti kujambula n'kwachilendo kuno. Makolo anasiya zojambula zawo pamiyala ya ku Thandwe ndi ku Mkoma kalekale.

Eni holo amene munatipatsa malo pamtengo wachifundo, achinyamata a kumpingo amene munanyamula zithunzi ndi kuzipachika, amalume amene munabwereka galimoto, ndi abale amene munawoloka pa Mwami kuchokera ku Mchinji kudzaona, zikomo kwambiri nonse. Aphunzitsi amene munabwera ndi ana a sukulu, mafunso awo anandikondweretsa, ndipo lonjezo lija lodzawaonetsa kagwiridwe ka pastel ndidzalikwaniritsa teremu ikubwerayi.

Kwa amene mwagula: chithunzi cha pastel musachichotse m'galasi, ndipo musachipachike pakhoma lachinyezi, pepala lingachite nkhungu nthawi ya mvula. Cha penti ya mafuta musachipukute ndi nsalu yonyowa kapena kuchiika moyang'anana ndi dzuwa. Zija ndinamaliza posachedwa sindinazipake vanishi, chifukwa pentiyo imafunika miyezi 6 kapena kuposerapo kuti ilimbe mpaka mkati. Nthawiyo ikakwana mundiuze, ndidzabwera ndekha kudzapaka, ndipo simudzalipira kanthu.