Ulendo wa ku Zomba: tsiku lomwe foni inatisocheretsa m'nkhungu

Tinanyamuka pa Limbe kusanache, anthu 14 m'minibasi imodzi, kudzera pa Namadzi ndi Thondwe. Tinkapita kwa alembi anzathu a ku Zomba, omwe tikulemba nawo buku la nkhani zoimitsa mtima, za anthu amene apereka moyo wawo wonse m'manja mwa AI, makina a kompyuta otsanzira nzeru za munthu.

Pa maphunziro, mkulu wawo anatikumbutsa za ELIZA, pulogalamu ya pakompyuta yocheza ndi anthu yomwe Joseph Weizenbaum anapanga ku yunivesite ya MIT ku America mu 1966. Inkangotembenuza mawu a munthu n'kuwabweza ngati funso, komabe sekilitale wa Weizenbaum anamupempha kuti atuluke kaye, iye acheze nayo payekha. Ndiye mkulu uja anati nkhani tiziyala motere: makina ayambe anena zoona katatu kapena kanayi pa tinthu tating'ono, nthawi yomwera mankhwala, mtengo wa feteleza. Munthuyo aleke kufunsa mkazi wake. Kenako makina aname kamodzi kokha, ndi mawu odekha omwe aja, pakuti mapulogalamu ngati ChatGPT amalosera mawu oyenera kutsatira, ndipo zopeka amazinena molimba mtima ngati zoona. Wowerenga alitulukire bodzalo tsamba limodzi mwininkhani asanalione. Nkhani zathu zambiri zimazizira chifukwa makina timawapatsa nkhanza pa tsamba loyamba pomwe.

Masana tinakwera phiri la Zomba kuti tikaone Chingwe's Hole, dzenje lakuya la paphiripo. Anyamata olondolera alendo anatiimitsa, koma atcheya anati foni ilipo. Titapitirira damu la Mulunguzi nkhungu inatsika, netiweki n'kuthawa. Kadontho kabuluu kosonyeza pomwe tili pafoni kankayendabe, popeza GPS, njira yopezera malo kudzera m'masetilaiti, sidalira netiweki, koma mapu ake sitinatsitsiretu, ndiye kankangoyandama pagalasi loyera mbee. Tinafika pamphambano ya njira zitatu, zonse zofanana, mitengo ya paini mbali zonse. Mayi msungichuma, omwe anakulira ku Zomba konko, anati, "Adalaivala, khoterani kumanja." Palibe anatembenuka. Mitu yonse inali yowerama pafoni, batire ikutsika tikuona, paja foni ikamasakasaka netiweki imadya moto kwambiri.

Tinalowa njira yapakati, ya magalimoto a matabwa, minibasi n'kutitimira m'matope mpaka theka la matayala akumbuyo. Tinatsika tonse. Achimwene athu andakatulo anavula nsapato zawo zatchalitchi zija n'kuyamba kufukula ndi manja. Tinayala nthambi ndi miyala kutsogolo kwa matayala, adalaivala n'kuchotsako mpweya pang'ono, kuika giya yachiwiri osaponda kwambiri mafuta, pakuti ukapondetsa tayala limangokumba dzenje. Inatuluka ulendo wachitatu. Bambo wina wokankha njinga ya nkhuni ndi amene anati, "Pepani akuluakulu, njira mwaisiya kumbuyo. Bwererani, ndi ija inali kumanja kwanu." Mayi msungichuma sananene kanthu, anangomanganso duku lawo bwinobwino.

Zikomo amayi a ku Zomba potidikira ndi nsima yotentha, matemba a ku Chilwa ndi nkhwani wotendera, ngakhale tinafika mochedwa ndi maola awiri, matope mpaka m'mawondo. Zikomonso adalaivala chifukwa cha kuleza mtima kwanu. Mkangano woti mphambano ija ailembe ndani m'bukumo sunathe. Anthu atatu akuilimbirana.

Anzathuwa adzatibwezera ulendo mwezi wamawa. Aliyense abweretse mutu woyamba wa nkhani yake, mawu osapitirira 1,500, wosindikiza papepala.