Kodi zipatala za m'Malawi zimafunika ndalama zingati pachaka? Nayi njira yowerengera

Nyengo ya bajeti ikafika, mkangano wa zaumoyo umazungulira pa nambala imodzi, 15 peresenti. Nambalayi inachokera ku Abuja, m'dziko la Nigeria, komwe mu Epulo 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuti azipatula gawo lotere la bajeti kupita ku zaumoyo. Lonjezolo ndi loyenera kulikumbutsa, poti Malawi zaka zambiri salifikira. Koma siliyankha funso loti zipatala zikufunika ndalama zingati. Thumba la boma likachepa, 15 peresenti yake imachepanso, pomwe amayi oyembekezera ndi ana odwala malungo sachepa chifukwa choti msonkho sunatoleredwe bwino.

Njira ina yachidule ndiyo kuwerengera pa munthu mmodzi. Mu 2001, gulu la akatswiri a zachuma lomwe bungwe la WHO linakhazikitsa linati dziko losauka limafunika madola 34 pa munthu pachaka kuti lipereke chithandizo choyambirira. Mu 2014, akatswiri ena kudzera ku Chatham House ku London anakweza nambalayi kufika pa madola 86. Kuno kwathu, mukaphatikiza ndalama za boma, za mabungwe othandiza ndi zomwe anthu amatulutsa m'matumba mwawo, kwa zaka zambiri takhala tili pa madola pafupifupi 40. Kwa anthu 20 miliyoni, madola 86 akupereka 1.72 biliyoni, pomwe 40 akupereka 800 miliyoni. Kusiyanaku kukusonyeza kukula kwa dzenje, koma sikukuuzani kuti mugule mabotolo angati a katemera kapena mulembe azamba angati ku Nsanje. Pamenepo pamafunika kuwerenga kuyambira pansi.

Kuwerengaku kumayambira pa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo panthawiyo chiwerengerochi chinkakwera ndi pafupifupi 2.9 peresenti pachaka. Wogwiritsa ntchito nambala ya 2018 osaikweza wasiya kale anthu mamiliyoni angapo panja. Maboma a m'malire monga Mulanje, Dedza ndi Mchinji ali ndi vuto lawolawo: zipatala zawo zimathandizanso abale a ku Mozambique ndi ku Zambia omwe kalembera wathu sanawawerenge, choncho mankhwala awo amatha msanga kuposa momwe pepala likunenera.

Ukadziwa anthu, umatenga mndandanda wa chithandizo chomwe boma lalonjeza kupereka ulere. Malawi wakhala ndi mndandanda wotere kuyambira 2004, ndipo ndondomeko yachitatu ya Unduna wa Zaumoyo, ya 2023 mpaka 2030, ili nawo wake. Pa chithandizo chilichonse pamakhala mafunso anayi: ndi anthu angati omwe chikuwakhudza, mwa iwo ndi angati adzachifuna chaka chino, ndi angati omwe tingawafikiredi, ndipo mmodzi amawononga zingati. Mayankho anayiwa ukawachulukitsa, wapeza mtengo wa mzere umodzi wa bajeti. Mizere yotere imakhalapo mazana, nchifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa OneHealth Tool, koma pulogalamu imangobweza zomwe mwaipatsa.

Tiyerekeze boma la anthu 500,000, momwe mumabadwa ana 33 pa anthu 1,000 aliwonse pachaka. Ndiye kuti ana 16,500. Tiyambe ndi katemera wa BCG, uja amabaya mwana akangobadwa. Tikafuna kufikira 95 peresenti ya anawo, ndi ana 15,675. Wosazolowera amaitanitsa milingo 15,675 nʼkutseka buku, ndipo pofika pakati pa chaka katemera watha. Botolo la BCG limakhala ndi milingo 20, ndipo likasungunulidwa liyenera kutayidwa pakatha maola 6. Mlangizi wa zaumoyo akapita ku sikelo ya m'mudzi nʼkupezako makanda asanu ndi atatu, amatsegula botolo, nʼkubaya asanu ndi atatuwo, milingo 12 yotsalayo nʼkutaya. Sanalakwitse, kubweza mayi yemwe wayenda makilomita khumi ndi mwana kumbuyo pofuna kupulumutsa botolo ndiko kulakwa. Pa BCG, okonza mapulani amayembekezera kuti theka litayika, choncho amachulukitsa ndi 2: milingo 31,350, omwe ndi mabotolo 1,568. Pamwamba pake amaikapo 25 peresenti yosungira, kuphatikizapo majakisoni, mabokosi otayiramo majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito, ndi mphamvu yoyendetsera firiji.

Pa ana 16,500 omwewo pali amayi awo. Mwa amayi 100 oyembekezera, pafupifupi 15 amakumana ndi vuto lofuna thandizo la msangamsanga, monga kutaya magazi kwambiri, kuthamanga kwa magazi kapena mwana kukanika kutuluka. M'boma lathuli ndi amayi 2,475. Ngati mmodzi mwa amayi khumi aliwonse abereka kudzera pa opaleshoni, ndi maopaleshoni 1,650 pachaka, anayi kapena asanu tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khrisimasi yomwe. Opaleshoni iliyonse imafuna ulusi wosokera, magolovesi, mankhwala ogonetsa, madiripi, nthawi zina magazi, komanso dizilo wa jenereta magetsi akazima. Ambiri mwa amayiwa amayambira ku chipatala chaching'ono, choncho pamafunika kuwerenga maulendo a ambulansi, makilomita popita ndi pobwera, ndi matayala omwe misewu ya dzinja imadya. Mzere wa mafuta a ambulansi ndi womwe umadulidwa msanga ndalama zikachepa, chonsecho mzamba wa ku chipatala chaching'ono alibe china chomwe angachite ndi mayi wofunika opaleshoni koma kumutumiza.

Cholakwika chachikulu pa mankhwala chimabisala m'mabuku a kufamase. Anthu amaona kuchuluka kwa mankhwala omwe anatuluka chaka chatha nʼkunena kuti ndiwo ofunika chaka chino. Tinene kuti chipatala china chinapereka mapaketi 900 a LA, mankhwala a malungo, m'masiku 90. Pogawa ndi miyezi itatu, zikuoneka ngati mapaketi 300 pamwezi. Koma mukayang'ana khadi la m'nyumba yosungira mankhwala, mupeza kuti masiku 30 mwa 90 aja pashelefu panalibe kanthu. Mapaketi 900 anatha m'masiku 60 okha, kutanthauza 15 patsiku, 450 pamwezi. Mukalemba 300, mwakonzeratu kuti mankhwala adzasowenso, ndipo chaka chinacho nambala idzatsikanso chifukwa cha kusowa komwe munakonza nokha. Nambala za mu OpenLMIS ndi DHIS2, mapulogalamu a pakompyuta momwe zipatala zimalembamo za katundu ndi za odwala, ziyenera kuwerengedwa limodzi ndi masiku omwe katundu kunalibe. LA yemweyo ali ndi msampha wina: mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa mapiritsi 6, wamkulu amamwa 24, ndipo mapaketi ake ndi osiyana. Mukalakwitsa kagawidwe ka misinkhu, mapaketi a akulu amadzaza shelefu pomwe a ana atha. Malungo nawo sagawika mofanana pachaka. Januwale mpaka Epulo amafuna katundu wochuluka kuposa Ogasiti, ndipo katunduyo ayenera kufika mvula isanatseke misewu.

Mankhwala ali apo, chomwe chimadya ndalama zambiri za boma pa zaumoyo ndi malipiro. Apa masamu ake ndi a nthawi. Kuyambira 2016, WHO imalimbikitsa kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu. Amayi 16,500 ndi maulendo 132,000. Tikati ulendo uliwonse utenge mphindi 20, kuyeza magazi, kupima mimba, kupereka SP woteteza ku malungo ndi uphungu, ndi maola 44,000. Namwino mmodzi, tikachotsa masiku opuma, tchuthi ndi maphunziro, tinene kuti amagwira masiku 220, maola 6 patsiku ali ndi odwala: maola 1,320 pachaka. Pakufunika anamwino 33 a sikelo ya amayi oyembekezera yokha, osawerengera kuchipinda chochilira, kuwodi ya ana kapena ntchito ya usiku. Kumene kuli anamwino khumi m'malo mwa 33, mphindi 20 zija zimasanduka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuthamanga kwa magazi komwe kukanapezeka kumadutsa osaoneka. Kuwerengera malipiro a omwe alipo okha ndi kuwerengera mtengo wa mzere wautali wa odwala womwe tili nawo lero. Muyenera kuonjezera malo opanda anthu, alangizi a zaumoyo pa mlingo wa mmodzi kwa anthu 1,000, ndalama zophunzitsira atsopano, ndi nyumba zawo, poti namwino sakhalitsa pamalo popanda pogona. Malipiro a ogwira ntchito m'zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, nawonso amachokera ku boma, pamodzi ndi ndalama za mapangano omwe amalola amayi ndi ana kuthandizidwa ulere m'zipatala za mishoni.

Za zomangamanga ndinena mwachidule. Walira mvula walira matope: chipatala chatsopano chilichonse chimabwera ndi bilu ya madzi, ya magetsi, chakudya cha odwala, alonda ndi okonza makina. Makina a X-ray kapena opangira mpweya wa okosijeni opatsidwa ngati mphatso ayenera kukhala ndi mzere wawo wa zokonzera chaka ndi chaka, apo ayi pakatha zaka ziwiri amakhala atafunditsidwa nsalu pakona. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu ziwerengedwe pazokha, chifukwa wodwala khansa kapena wa impso mmodzi amawononga zomwe zingathandize ana mazana a malungo.

Mukamaliza kuphatikiza zonsezi, musazisiye mu ndalama ya mtundu umodzi. Malipiro, chakudya ndi mabilu zikhale m'makwacha. Mankhwala, zida ndi zopimira za mulabotale zikhale m'madola, poti pafupifupi zonse zimagulidwa kunja. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Katundu wa madola 1 miliyoni yemwe amagulidwa K1.18 biliyoni anafika pa K1.7 biliyoni tsiku limodzi, bajeti ya mankhwala ili yomweyo. Pa mtengo wa kufakitale muonjezere wa sitima, wa malole kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, wosungira ndi wogawira kudzera ku Central Medical Stores Trust. Muikenso thumba la zadzidzidzi. Kolera yemwe anayamba mu Malichi 2022 anagwira anthu oposa 58,000 nʼkupha oposa 1,700, ndipo namondwe wa Freddy anaononga zipatala kuchigawo chakummwera mu Malichi 2023, mliriwo usanathe.

Mbali inayo ya tsamba ndi ya ndalama zomwe zilipo, ndipo apa mpofunika kusamala kwambiri. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka za zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja, ndipo zambiri zimabwera zomangidwa kale: za Global Fund ndi za Edzi, TB ndi malungo, za Gavi ndi za katemera, za PEPFAR ya dziko la America ndi za Edzi. Simungatenge ndalama ya ma ARV kukagula insulin kapena dizilo. Chichitikireni nkhani ya Cashgate mu 2013, othandiza ambiri anasiya kudutsitsa ndalama m'thumba la boma, choncho dzenje liyenera kuwerengedwa mzere ndi mzere. Kuchotsera nambala yaikulu pa nambala yaikulu kumabisa kuti pena pakwanira pomwe pena palibe kanthu. Dziko la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, zinaoneka poyera kuti pulani iliyonse iyenera kukhala ndi tsamba losonyeza zomwe boma lingasenze lokha wothandiza mmodzi atachoka. Komanso ndalama yomwe aphungu avomereza, yomwe Unduna wa Zachuma watulutsa, ndi yomwe yafika pachipatala ndi nambala zitatu zosiyana. Yowerengera ndi yachitatuyo.

Zofunika zikaposa zomwe zilipo, monga zimakhalira chaka chilichonse, mndandanda uyenera kudulidwa poyera. Kafukufuku wa 2018 wa akatswiri a ku University of York pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo anagwiritsa ntchito mlingo wa madola 61: kuti m'Malawi, ndalama yotere ikalowa m'zipatala imapulumutsa pafupifupi chaka chimodzi cha moyo wathanzi. Chithandizo chofuna madola 600 kuti chipulumutse chaka chimodzi chimalanda ndalama zomwe zikanapulumutsa zaka pafupifupi khumi kwina. Nkhaniyi ndi yowawa, chifukwa kumbuyo kwa mzere wodulidwa kuli munthu wodwala. Koma mndandanda ukasiyidwa wautali kuposa thumba, kudulako kumachitikabe, kungoti kumachitikira pawindo la famase, pomwe mayi wochokera kutali amabwezeredwa buku lake la kuchipatala nʼkuuzidwa kuti mankhwala awa kulibe, akagule kwina.