Liwiro la pamadzi limene lakhala osapitiriridwa kuyambira 1978

Kwathu ndi pafupi ndi gombe la Senga Bay ku Salima, ndipo m'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba, ndimaona asodzi ataima pamchenga akuiyang'ana nyanja asanakankhire maboti m'madzi. Amayang'ana kutalika kwa mafunde ndi kumene mphepo ikuchokera, ndipo masiku ena amabwerera kunyumba makoka ali ouma. Asodzi amenewa ndi amene ndimawakumbukira ndikamawerenga za anthu amene anaika moyo wawo pachiswe pofuna kuthamanga kuposa wina aliyense, mumlengalenga ndi pamadzi.

Mumlengalenga zinthu zinapita patsogolo mwachangu, ngakhale kuti maliro analipo. Mu September 1946, Geoffrey de Havilland wamng'ono anafa ndege imene ankaiyesa itaphwasuka pamwamba pa mathiriro a mtsinje wa Thames ku England. Pa 14 October 1947, Chuck Yeager anauluka pa liwiro loposa la mkokomo mu ndege ya Bell X-1, ali ndi nthiti ziwiri zothyoka chifukwa chogwa pa kavalo, moti chitseko anachitseka mothandizidwa ndi chidutswa cha mpini wa tsache. Patangopita zaka 20, William Knight anafika makilomita 7,274 pa ola mu ndege ya X-15. Kumbuyo kwa amuna awiri otsirizawa kunali boma la America, ndalama zake ndi akatswiri ake.

Pamadzi nkhani ndi ina. Liwiro lalikulu lovomerezeka ndi makilomita 511 pa ola, ndipo lakhala pomwepo kuyambira pa 8 October 1978. Chifukwa chake nchosavuta kumva kwa ife a kunyanja. Madzi ndi olemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, choncho boti lofuna liwiro lotere limapangidwa kuti lizingokhudza madzi pa timalo titatu tating'ono, thupi lonse lili m'mwamba. Likakumana ndi kafunde kakang'ono, mphuno yake imatukuka, mpweya umalowa kunsi, ndipo botilo limauluka nkutembenuzika. Aliyense amene anakwerapo boti la injini mwera ukuomba amadziwa mmene pansi pake pamamenyekera pa funde lililonse, chonsecho liwiro lake ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi limeneli.

Pofunafuna liwiro la pamadzili, Henry Segrave anafera pa nyanja ya Windermere ku England mu 1930, ndipo John Cobb anafera pa nyanja ya Loch Ness ku Scotland mu 1952. Koma imfa imene imandikhudza kwambiri ndi ya Donald Campbell, pa 4 January 1967, pa nyanja ya Coniston ku England. Lamulo limafuna kuti munthu athamange kawiri pa mtunda woyezedwa, kupita ndi kubwerera, kenako nkuwerengera liwiro la pakati pa maulendo awiriwo. Ulendo woyamba unayenda bwino, pafupifupi makilomita 478 pa ola. M'malo moima kuti athire mafuta, Campbell anatembenuka nthawi yomweyo, ndipo boti lake la Bluebird K7 linanyamuka pamadzi, nkutembenuzika, nkusweka. Ambiri amanena kuti anakumana ndi mafunde amene iye mwini anautsa pa ulendo woyamba, pamene ena amaloza injini imene inazima. Thupi lake linavuulidwa mu 2001, patapita zaka 34. Sindimuona ngati munthu wosasamala, pakuti anali atakhala masabata ambiri kunyanjako akulimbana ndi nyengo yoipa komanso injini yovuta, ndipo munthu amene wadikira chotero akaona bata safuna kuti limupite.

Nchifukwa chake ndimamulemekeza kwambiri Ken Warby wa ku Australia, mwini wake wa liwiro la 1978 lija. Boti lake, Spirit of Australia, analikhoma yekha ndi matabwa kuseri kwa nyumba yake ku Sydney, ndipo injini yake inali yakale ya ndege zankhondo, imene anaigula motchipa pamalonda a zinthu zotsala za asilikali. Ndikaona amisiri athu akukhoma maboti a matabwa pansi pa mtengo kugombe kuno, sindivutika kumuyerekeza. Anayesa botilo kwa zaka zingapo, akuonjezera liwiro pang'onopang'ono ndi kukonza zolakwika, mpaka mu November 1977 anafika makilomita 464 pa ola pa damu la Blowering, ndipo chaka chotsatira anapitirira 500. Kulimba mtima anali nako monga anzake onse aja, koma chimene ndimachiona mwa iye ndi kuleza mtima kwa msodzi amene amadziwa tsiku losalowa m'madzi.

Anthu awiri amene anayesa kumupitirira anafa: Lee Taylor pa nyanja ya Tahoe ku America mu 1980, ndi Craig Arfons ku Florida mu 1989. Warby anamwalira mu 2023 ali wokalamba. Mwana wake David, amene anakhoma naye boti lachiwiri lotchedwa Spirit of Australia II, wakhala akuliyesa pa damu lomwe lija la Blowering, akukweza liwiro pang'onopang'ono monga ankachitira bambo ake.