Kuitana mmisiri wa maloko kuchokera ku Lusaka kukagwira ntchito kumudzi

Ndimakhala ku Chelstone mumzinda wa Lusaka, koma munda wathu, golosale yaing'ono ndi nyumba yosungiramo chimanga zili m'boma la Chongwe, kutali ndithu ndi msewu wa phula wa Great East, ndipo amene amayang'anira zonsezi ndi alamu anga. M'nyengo yokolola, anthu ali kalikiliki kutonola chimanga ndi kusoka matumba, makiyi onse amene anamangidwa pamodzi anasowa: wa galimoto, wa golosale, wa nyumba yogona ndi wa loko wopachika wa kosungira chimanga. Galimotoyo ndi Toyota yakale yochokera ku Japan, ndipo inabwera ndi kiyi mmodzi yekha, monga zimachitikira kawirikawiri ndi magalimoto otere. Ndikufotokoza njira imene ndinatsata chifukwa ambiri a ife okhala m'tauni muno tili ndi minda ndi timabizinesi ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Chilanga kapena ku Kafue, ndipo ndinaona kuti ntchito yotere imakonzeka kapena kuwonongeka pa foni, mmisiri asanalize n'komwe galimoto yake.

Choyamba chinali kuletsa aliyense kukhudza maloko. Alamu atandiimbira anati anyamata akufuna kuswa galasi laling'ono lakumbuyo, ndiponso makaniko wina wapafupi walonjeza kulumikiza mawaya kuti injini ilire. Ndinawayankha kuti, "Alamu, chonde auzeni asachite kalikonse mpaka nditalankhula ndi wodziwa za makiyi." Magalimoto ambiri opangidwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi chipangizo chotchedwa immobiliser. M'mutu wa kiyi muli kachipi kakang'ono kosafuna batire, ndipo pobowo polowetsa kiyi pali waya wozungulira amene amawerenga nambala ya kachipiko. Nambalayo ikapanda kugwirizana ndi imene kompyuta ya galimoto inasunga, injini siyaka ngakhale mutalumikiza mawaya motani. Wodula mawaya amangowonjezera zoti zikonzedwe, ndipo galasi losweka ndi ndalama ina yapadera.

Kupeza mmisiri woyenera kunafuna kufunsa. Odula makiyi ndi ambiri m'misika ya mu Lusaka, koma ntchito ya ochuluka mwa iwo ndi kukopera kiyi watsopano kuchokera pa kiyi amene alipo kale. Ife tinkafuna munthu wotha kupanga kiyi popanda woonera, wokhala ndi makina olembetsera kachipi mu kompyuta ya galimoto, komanso wovomera kuyenda mumsewu wa fumbi. Ndinafunsa makaniko amene amandikonzera galimoto ndi ogulitsa zipangizo za magalimoto, ndipo dzina limene linatchulidwa ndi anthu osadziwana ndilo ndinalitsata.

Mafunso a bamboyo pa foni ndi amene anandikhazika mtima pansi. Anafuna kudziwa mtundu wa galimoto, chaka chimene inapangidwa, ngati imalizidwa potembenuza kiyi kapena podina batani, ndiponso ngati pali kanyali kofiira kamene kamaphethira kutsogolo galimoto ikazimitsidwa. Kenako anapempha nambala ya chasisi. Apa pali chinthu chimene eni magalimoto ambiri sachidziwa. Magalimoto opangidwira msika wa ku Ulaya kapena ku South Africa amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, pamene opangidwira msika wa mkati mwa Japan amakhala ndi nambala yaifupi yoyamba ndi zilembo zosonyeza mtundu wa galimoto. Marimoti akenso amasiyana: a ku Japan amagwira ntchito chapafupi ndi 315 MHz, pamene a ku Ulaya ndi ku South Africa amagwira pa 433 MHz. Mmisiri akanyamula rimoti yolakwika, ulendo wonse wapita pachabe, chifukwa kumudzi kulibe sitolo yoti athamangireko kukasintha. Popeza galimoto inali yokhoma, nambalayo ndinaiwerenga m'buku la umwini lochokera ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, limene tonse timalitcha white book, ndipo ndinalijambula n'kumutumizira pa WhatsApp. Alamu nawo anajambula maloko a zitseko zonse, kutsogolo ndi m'mbali, kuti bamboyo adziwe zoyenera kunyamula.

Asanatchule mtengo anandiuza mosapita m'mbali kuti sadzakhudza galimotoyo asanaone white book yeniyeni pamodzi ndi NRC, chiphaso cha boma chozindikiritsa munthu, ya mwini wake, ndipo dzina la pa zikalata ziwirizo liyenera kufanana. Anthu ena amakhumudwa akafunsidwa zimenezi, poganiza kuti akuyesedwa akuba. Ine ndimaona kuti mmisiri wosafunsa zikalata ndi woopsa, popeza amene angatsegule galimoto yanu popanda umboni angaitsegulirenso munthu wina inu kulibe. Ndinapemphanso alamu kuti akanene kupolisi ku Chongwe za kusowa kwa makiyiwo, chifukwa sitinkadziwa ngati anagwera m'mapesi kapena ali m'thumba la munthu. Pa golosale ndi nyumba, umboni unali ife eni ake kukhalapo pamodzi ndi anansi otidziwa.

Pa nkhani ya mtengo ndinapempha kuti augawe patatu: ulendo, zipangizo ndi ntchito ya manja. Kuchokera pakati pa Lusaka kufika m'tauni ya Chongwe ndi makilomita pafupifupi 45, ndipo kuchokera pamenepo pali msewu wina wa fumbi, choncho mafuta ndi nthawi ya paulendo zimatenga gawo lalikulu la ndalama zonse. N'chifukwa chake ndinaona kuti n'kwanzeru kuphatikiza ntchito zonse paulendo umodzi m'malo moyamba ndi galimoto n'kusiya zitseko kuti zidzaonedwe tsiku lina. Tinagwirizananso za chimene chidzachitike ngati kompyuta ya galimoto ikana, ndipo zonsezi zinalembedwa mu uthenga wa pa foni. Ya mafuta ndinatumiza kudzera pa Airtel Money, yotsalayo tinapangana kuti idzaperekedwa ntchito ikatha ndi kuyesedwa.

Kulondolera njira kunafuna nzeru za kumudzi komweko. Chizindikiro cha malo cha pa foni chimathandiza mpaka pamene netiweki yathera, ndipo tinjira ta m'minda tambiri sitioneka pamapu. Tinatchula sukulu, chigayo ndi mlatho, ndipo mwana wa alamu anakadikira ndi njinga pamphambano.

Mmisiri atafika, inenso ndili komweko, anayamba ndi zikalata, kenako anayang'ana galimoto yonse asanatulutse chida chilichonse. Chitseko cha woyendetsa anachitsegula ndi kachida kopyapyala kachitsulo kolowetsa pabowo la kiyi, kamene kamatsegula loko n'kusonyezanso kuya kwa dzino lililonse la kiyi wosowayo. Manambala amenewo anawalemba papepala, nawalowetsa m'makina odulira amene ankayendera batire la galimoto yake, popeza kumundako kulibe magetsi. Kiyi woyamba anadula pa chitsulo wamba chopanda kachipi kuti ayese kaye ngati akutembenuka bwino pachitseko ndi poliza injini, ndipo atakhutira ndi pamene anadula kiyi weniweni, amene ndi wokwera mtengo.

Gawo lotenga nthawi linali lolembetsa kachipi. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16 yotchedwa OBD, ndipo m'menemo ndi mmene analumikiza makina ake. Anandifotokozera kuti kiyi mmodzi wamkulu akakhalapo, kuwonjezera wina n'kosavuta, koma onse akasowa pamafunika kufafaniza zimene kompyuta inasunga n'kuyamba mwatsopano, ndipo pa magalimoto ena akale a Toyota zimenezi zimafuna kumasula bokosi la kompyuta lenilenilo. Asanayambe anayeza batire la galimoto yathu, limene linali litafooka chifukwa chokhalitsa, nalilumikiza ku lake, ponena kuti moto ukatsika ntchito ili mkati kompyuta ikhoza kusokonezeka. Injini italira ndinafunsa za kiyi wosowa uja. Anayankha kuti, "Amayi, kiyi wakale sangalizenso galimotoyi chifukwa ndamuchotsa mu kompyuta, koma chitseko akhoza kutsegulabe, pokhapokha titasintha maloko a zitseko." Yankho limeneli ndinaliyamikira kwambiri, chifukwa munthu wongofuna ndalama akanandisiya ndikukhulupirira kuti zonse zatha. Tinasankha kusiya maloko a zitseko mmene analili, koma alamu anavomera kuti m'galimotomo musamagone ndalama kapena zikalata.

Loko wa nyumba yogona anali wa mtundu wofala uja wolowa mkati mwa thabwa la chitseko, wa kiyi wamtali wokhala ndi nambala. Bamboyo anautsegula mosavuta, ndipo kufulumira kwakeko kunandiopsa. Anafotokoza kuti maloko a malivala 2 kapena 3, timene ndi tizitsulo ta mkati tonyamulidwa ndi kiyi, ali ndi mitundu yochepa ya makiyi, ndipo makiyi ake odulidwa kale amagulitsidwa m'masitolo a zomangira potengera nambala, moti munthu amene waona nambalayo akhoza kukagula wake. Maloko otere ndi oyenera zitseko za mkati. Pachitseko cha panja cha nyumba ndi cha golosale tinaika maloko a silinda, kachitsulo kolowetsamo kiyi kochotseka pakokha, amene ubwino wake ndi wakuti kiyi akadzasowanso, mumasula sikuluu imodzi n'kusintha silinda yokha, chitseko osachiboolanso. Anayeza kukhuthala kwa chitseko kuti silinda isatulukire kunja kwambiri, chifukwa yotulukira imagwidwa ndi sipanala n'kuthyoledwa.

Loko wopachika wa kosungira chimanga anangomudula, popeza kumutsegula bwinobwino kukanadya nthawi yoposa mtengo wake. Chimene chinamudetsa nkhawa chinali chokolekera loko, chimene chinakhomedwa ndi masikuluu oonekera kunja, oti aliyense wokhala ndi sikuludiraiva akanawamasula osakhudza loko n'komwe. Anachichotsa n'kuika cha mabauti oboola thabwa ndi kumangidwira mkati. Anatichenjezanso kuti tisamathire mafuta ophikira kapena oilo wa injini m'maloko, chifukwa fumbi la mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala limakakamira pamafutawo n'kuumitsa timapini ta mkati. Ufa wa graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo, ndiwo woyenera.

Ndisanalipire ndinayesa kiyi aliyense ndekha, chitseko chili chotsegula kenako chili chotseka, ndipo galimoto tinaizimitsa ndi kuiliza mobwereza ndi makiyi onse awiri, popeza ndinalipirira wachiwiri nthawi yomweyo makina akadali olumikizidwa, pamene mtengo wake umakhala wotsika. Ndinapempha lisiti yolembedwa ntchito iliyonse payokha, nambala ya galimoto ndi nthawi imene adzabwerere popanda malipiro ngati china chavuta. Manambala a mano a kiyi aja ndinawasunga pamodzi ndi white book, chifukwa ndi iwo kiyi wina akhoza kudulidwa ku Lusaka popanda kuyendera galimoto, ngakhale kulembetsa kachipi kumafunabe kuti galimotoyo ikhalepo. Kiyi wachiwiri wa galimoto ndi wapadera wa golosale ndimasunga ku Chelstone, ndipo alamu tsopano amamanga wa galimoto payekha, osati pamodzi ndi a zitseko.