Helikopita yanga itagwa sindinathamangire kugula ma blade

Ndinaigwetsa ndekha, palibe womuloza chala. Ndinkayesa kuitembenuza kuti mphuno iyang'ane kwa ine, ndiye kumanja kunasanduka kumanzere zala nkusokonezeka, kenaka phwaa pansi. Ndi kahelikopita koyendetsa ndi rimoti ka saizi ya 450, kakang'ono ndithu, koma ma blade ake amazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi moti akakupeza chala safunsa kuti ndiwe mwini wake.

Chomwe ndinachita bwino tsiku limenelo nkudina throttle hold, swichi ya pa rimoti yodula mphamvu ku mota, isanagunde pansi, mota inasiya kukoka. Nditafika pomwe inagwera ndinazula batire kaye, rimoti ndinazimitsa pomaliza. Batire lake ndi LiPo ya 3S, kutanthauza ya ma cell atatu, ya 11.1V, ndipo likabooka kapena kupindika limatha kuyaka patapita kanthawi, osati pompopompo ayi. Ndinaliyang'ana mbali zonse ngati latupa, kulinunkhiza, nkulisiya panja pa simenti kutali ndi chilichonse chogwira moto. Kenaka ndinayeza ma cell onse atatu, anali ofanana. Likanakhala lotupa sindikanalichajanso, mtengo wa batire sungafanane ndi wa nyumba.

Pa tebulo ndinayamba nkuzula mawaya a mota ku ESC, kabokosi kolamulira liwiro la mota, chifukwa poyesa ma servo, timamota tating'ono topendeketsa ma blade, umayenera kulumikiza batire ndipo dzanja limakhala mkati mwenimweni. Ma blade ndinachotsa onse awiri ngakhale imodzi inkaoneka yabwinobwino, mng'alu umabisala pafupi ndi bowo la bawuti ndipo umadzaonekera ili mmwamba.

Tsopano apa ndi pomwe ndinakhalitsa. Main shaft, chitsulo choimirira chomwe chimazungulitsa ma blade akulu, ndinaisolola nkuigubuduza pa galasi, yowongoka imayenda phee koma yanga inkachita ngati ikutsimphina, kuwala nkumaonekera pansi pake. Yataya. Ina ndi feathering shaft, kachitsulo kaja kamadutsa mkati mwa mutu kugwira ma blade grip awiri, kameneka ndi kachinyengo kwambiri chifukwa ndi maso sungaone kanthu. Ndinalowetsa hex driver, chomasulira mabawuti, mbali imodzi nkumakazungulitsa pang'onopang'ono uku ndikuyang'ana grip ya mbali inayo, ndipo inkagwedera mmwamba ndi pansi, pang'ono zedi koma inkagwedera. Ulendo wina ndinakadumpha kameneka poti ndinali ndi changu chofuna kuuluka, ndinangomanga ma blade atsopano basi, ndiye itadzuka inkanjenjemera yonse ma blade akuoneka awiriawiri mmalo mwa mzere umodzi, ine nkumalimbana ndi ma link, tizitsulo tolumikiza ma servo ndi mutu, sabata yathunthu pomwe vuto linali kachitsulo kotchipa kuposa zonse.

Zinazo zinayenda msanga. Main gear inali itaguluka mano atatu. Ma servo ndinawayendetsa ndi chala batire lisanalumikizidwe, imodzi inkalira kuti kwetekwete penapake, magiya amkati atha. Ma ball link awiri ankavuka ndi chikhadabo chabe, ndinasintha. Ma bearing ndinawamvetsera ndi zala ngati muli mchenga. Tail boom, chubu cha ku mchira, inali ndi kachibonthi kakang'ono, lamba wamkati ndinamuyang'ana dzino ndi dzino.

Pomanga, bawuti iliyonse yolowa mu chitsulo ndinaipaka thread lock ya buluu, mankhwala oletsa bawuti kumasuka, kadontho chabe, koma yolowa mu pulasitiki ayi chifukwa mankhwalawo amadya pulasitiki. Swashplate, kambale komwe ma servo amapendeketsa kuti helikopita ilowere komwe ukufuna, ndinaiwongolanso poti servo yatsopano siikhala ndendende pomwe inali yakale. Kenaka, mota ikadali yozula, ndinapendeketsa helikopita kutsogolo, swash nkubwerera kumbuyo, kumanzere iyo kumanja, mchiranso chimodzimodzi. Gyro, kachipangizo komva kupendekeka kwa helikopita, ikamakonza mobwerera helikopita imadzigwetsa isanakwere nkomwe, ndiye izi sindidumpha ngakhale ndisanakhudze ma setting. Ndinazimitsanso rimoti dala kuti ndione pa ESC ngati failsafe, chitetezo chogwira ntchito rimoti ikasiya kumveka, ikudula throttle.

Nditalumikizanso mota, kuyesa koyamba ndinachita opanda ma blade akulu, dzanja kutali, kungomvera ngati ikunjenjemera. Phee. Nditamanga ma blade ndinapita pabwalo popanda anthu, ndinaima kumbuyo kwake mapazi angapo, nkuidzutsa kufika mmaondo basi kwa mphindi imodzi. Ndinaitsitsa, throttle hold, kuzula batire, nkugwira mota ndi ma servo ngati atentha, kenaka kudutsanso mabawuti onse. Imodzi ya ku mchira inali itamasuka kale, ndinaiwala kuipaka.