Chaka chathunthu osagonekedwa: zikomo nonse

Lero ndakwanitsa chaka chathunthu osagonekedwa m'chipatala. Amene munandionapo ndikulephera kumanga chitenje, zala zitatupa ngati chinangwa, mukudziwa chifukwa chake ndalemba.

Zinayambira m'zala ndi m'mawondo. M'mawa ndinkadzuka manja atauma gwa, ola lathunthu osatha kugwira kapu ya tiyi. Madokotala kuno ku Birmingham anati ndi nyamakazi ya mtundu woti thupi limadziukira lokha, rheumatoid arthritis, ngakhale chizindikiro chake chotchedwa rheumatoid factor sichinkaoneka m'magazi. Anandipatsa prednisolone ndi methotrexate, zala n'kuphwa ndithu. Koma chifuwa ndiye chinalusa. Chibayo katatu m'chaka chimodzi, makutu mafinya okhaokha. Mbiri itafika kwathu ku Ntcheu, ena anayamba kunong'onezana kuti ndi matenda aja. Ndinayezetsa HIV kanayi konse, TB kawiri, osapezeka kanthu. Onong'ona aja ndinawakhululukira, chifukwa nanenso usiku ndinkaganiza zomwezo.

Woyamba kumuthokoza ndi dokotala wina wachitsikana amene anandifunsa funso lomwe aliyense analilumpha: kodi muli mwana munkadwaladwala? Ndinaimbira Amayi pa WhatsApp pomwepo. Iwo osachedwa, akuti dzinja lililonse makutu ankatuluka mafinya, ndipo chifuwa sichinkandisiya. Amayi, kukumbukira kwanu kunagwira ntchito ngati fayilo ya kuchipatala. Atayeza ma antibody, asilikali a m'magazi olimbana ndi matenda, IgG yanga (mtundu waukulu wa asilikaliwa) inali pa 3, pomwe ya munthu wamkulu imakhala pakati pa 6 ndi 16. IgA, mtundu wina wa asilikaliwa, nayonso inali pansi. Anandibaya katemera wa chibayo n'kudikira masabata angapo kuti aone ngati thupi liyankhe. Linangoti zii. Dzina la vutoli ndi CVID, matenda oti thupi silipanga ma antibody okwanira.

Ine ndinawafunsa kuti, adokotala, ngati asilikali anga ndi ochepa, nanga akundimenya m'mawondomu ndani? Anaseka, n'kundifotokozera. Ma antibody amapangidwa ndi maselo otchedwa ma B cell, ndipo anga sakhwima bwino. Dongosolo lomwe limakhwimitsa maselowa ndi lomwenso limaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kusiyanitsa mdani ndi mwini nyumba. Likasokonekera, zili ngati alonda ochepa osaphunzitsidwa: wakuba akudutsa, iwo akukwapula abwana. Pafupifupi mmodzi mwa anthu anayi a CVID amakhala ndi matenda odziukira okhawa. Rheumatoid factor ija nayonso ndi antibody, n'chifukwa chake kwa ine inkasowa. Anandiuzanso kuti kwa ena zimayenda chobwerera: mankhwala a nyamakazi ndi a lupus (matenda enanso odziukira okha), monga rituximab ndi ma steroid, ndi amene amatsitsa ma antibody. Choncho anzanga amene mukumwa mankhwalawa chifuwa chikungobwerabwera, pemphani akuyezeni IgG.

Bambo a ana, zikomo. Munaphunzira kutakasa nsima, ndipo tsitsi la atsikanawa munkaluka, ngakhale mizere yake inkakhota ngati msewu wa pa Golomoti. Achemwali, munasinthana mashifiti kangati kuti mundiperekeze? Amayi a Mvano, ufa ndi usipa uja unandibwezera njala nditaiwala kukoma kwa chakudya.

Pano Lamlungu lililonse madzulo ndimatulutsa timabotolo ta immunoglobulin, ma antibody ochokera kwa anthu ena, n'kudzibaya kasingano pamimba, kapampu n'kumalowetsa pang'onopang'ono ine ndikuonera TV. Nyamakazi ilipobe, mankhwala ake ndikumwa, koma chibayo sichinabwerenso. Immunoglobulin ija imachokera ku plasma, madzi a m'magazi, ya anthu masauzande ambiri. Britain inaletsa kugwiritsa ntchito plasma ya anthu ake mu 1998 chifukwa cha matenda a misala ya ng'ombe, n'kudzalolanso mu 2021, ndipo amodzi mwa malo operekera plasma ali mumzinda mwathu momwe muno. Ndikadutsapo ndimaona anthu akutuluka ndi kapulasitala pamkono, akuthamangira basi. Sabata yatha ndinatsala pang'ono kumugwadira mnyamata wina n'kumuombera m'manja pamsewu pomwepo, koma mwana wanga anandikoka mkono, akuti Mami musandichititse manyazi.