Lachinayi ku Nchalo: chithunzi cha masaya a azakhali

Azakhali afika m'mawa uno kuchokera ku Johannesburg, kumene mwana wawo woyamba anawatengera kuti akaonedwe ndi madokotala, ndipo asanamasule n'komwe katundu anandipatsa envulopu yaikulu kuti ndiwawerengere. Kwa chaka chathunthu masaya awo akhala otupa m'munsi mwa makutu, mbali zonse ziwiri, ndipo ife kuno tinkangoti ndi matsagwidi, ngakhale kuti matsagwidi amaphwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Chimene chinkandiwawa ndi kuwaona pa nthawi ya nkhomaliro, chifukwa mbamu iliyonse ya nsima inkatsika ndi madzi, m'kamwa muli gwa, mopanda malovu.

Anandifotokozera kuti anawabaya mumtsempha mankhwala otulutsa cheza otchedwa gallium-67 citrate, kenako anawauza kuti apite kunyumba adzabwerenso patatha masiku awiri. Iwo anaona ngati awabweza chabe, koma kudikirako kuli ndi chifukwa chake. Gallium akalowa m'magazi amakakamira ku puloteni yonyamula ayironi yotchedwa transferrin, ndipo pang'onopang'ono amakaunjikana pamene pali kutupa, pomwe wotsala amatuluka ndi mkodzo komanso chimbudzi. Mphamvu yake imatsika ndi theka pa maola 78 alionse, choncho amakhala akadali kutulutsa cheza chimene makina otchedwa gamma camera amachijambula munthu atagona chagada osagwedezeka.

Tinayang'ana chithunzicho titakhala pansi pa mtengo wa nimu, dzuwa la kuno ku Chigwa cha Shire litafika paliwombo. Panali madontho akuda pa masaya onse awiri, enanso pa maso pamene pamachokera misozi, ndi pa mphuno. Madokotala amati maonekedwe amenewa amafanana ndi nkhope ya nyama yotchedwa panda, ndipo amapezeka kawirikawiri pa matenda a sarcoidosis, amene amatupitsa ziwalo zosiyanasiyana za m'thupi, komanso pa matenda a Sjögren, amene chitetezo cha m'thupi chimaukira tiziwalo totulutsa malovu ndi misozi.

"Ndiye matenda anga ndi ati, mwanawe?" anandifunsa. Ndinawayankha moona kuti, "Azakhali, chithunzichi chikuloza pamene pali vuto, koma sichikutchula dzina lake." N'chifukwa chake anawatenganso magazi ndi kanyama kakang'ono ka mkati mwa mlomo wam'munsi, ndipo zotsatira zake tikuziyembekezera sabata yamawa. Ine ndikuona kuti kuwauza zimenezi mosabisa kunali koyenera, pakuti munthu amene wavutika chaka chonse sayenera kulonjezedwa yankho limene silinafike.

Madzulo mdzukulu wawo anabwera ndi nzimbe, koma azakhali anaikana okha, popeza anauzidwa kuti m'kamwa mopanda malovu mano amabooka msanga ndi zotsekemera. Ndawaikira botolo la madzi a mumtsuko pambali pa mphasa, chifukwa usiku amadzuka kangapo lilime litamatirira kukhosi.